Mpsompsono wa mu Kalavani

1

Chaka chimene dziko lathu linataya mendulo ya golide, anthu sanavutike kufunafuna wolakwa. Anandipeza ine, Halvard, dalaivala wa basi ya ana a sukulu ku Skardal. Mlandu wanga unali woti ndinapsompsona mkazi wanga.

Mkazi wangayo anali Ragna Oppigard. Ngati dzinali simukulidziwa, ndiye kuti kwanu wailesi yakanema mumaizimitsa nthawi ya chisanu. Ragna ankathamanga pa chipale ndi matabwa otsetserekera, mfuti ili kumsana. Akafika powombera ankaima, n'kugwetsa timadontho takuda tisanu tija ngati munthu amene akumanga mabatani a malaya, n'kumapita. Anzake ankafika pamenepo ali wefuwefu, mfuti ikuvina m'manja. Iye ayi. Olemba nkhani ankati pa dziko lonse palibe munthu wodziwa kugwira mpweya ngati Ragna. Zimenezo nanenso ndingachitire umboni.

Ndinamudziwa asanatchuke, akadali mtsikana wophonya, wozungulira kabwalo ka chilango cha ophonya mpaka kumva chizungulire. Masana ndinkayendetsa kabasi ka kalabu yawo, madzulo ndinkapita ku sukulu ya akuluakulu kutauni. Tikamachokera ku mpikisano ankakhala pampando wakutsogolo n'kumandifunsa mafunso a m'mabuku anga kuti ndisasinze. Titakwatirana ndinasamukira pa famu ya makolo ake. Kenako anayamba kupambana, ndipo sanasiye. Mamendulo anadzaza khoma la pabalaza, mpaka chithunzi chathu cha ukwati chinasamukira m'kanjira kopita ku bafa.

2

Amene ankayendetsa zonse anali apongozi anga, Mayi Aslaug. Aliyense wa masewerawa amaopa chimfine, chifukwa chimfine cha sabata imodzi chimadya thukuta la chaka chonse. Koma apongozi anga manthawo anawasandutsa chipembedzo.

Chaka cha mendulo yoyamba anandiitana pakhomo la khola.

"Mkamwini, si kuti timakudani," anatero. "Koma inu tsiku lililonse mumanyamula basi yodzaza mamina."

"Ndi ana, Mayi."

"Ndi zomwe ndanenazo."

Kuseri kwa kholalo kunali kalavani yakale, kanyumba ka matayala kokoka ndi galimoto. Kuyambira chaka chimenecho, Novembala akangolowa, kwanga kunali kumeneko mpaka Malichi athe, nyengo yonse ya chisanu ndi mipikisano. Chakudya ankandisiyira pa sitepe. Mkazi wanga ndinkamuona pa windo ndi pa kanema. Pa kanema ankaoneka pafupi.

Malamulo analipo ambiri, koma lalikulu linali la botolo. Ragna anali ndi botolo limodzi lomwera, lomangidwa kansalu kofiira pakhosi. Mayi Aslaug ankaliwiritsa okha, kulidzaza okha, kuliyendetsa okha m'kachikwama ka pachifuwa, ku mpikisano uliwonse, dziko lililonse. Ankakonda kuuza atolankhani kuti, "Pakamwa pa botolo ili pafika milomo iwiri yokha, wapamwamba ndi wapansi, yonse ya mwana wanga."

Mwamuna yekhayo wololedwa m'nyumba anali mng'ono wanga Torgeir. Ndiye ankapaka phula pansi pa matabwa a Ragna kuti azitsetsereka bwino, ndipo ankayenda naye kulikonse. Ntchitoyo ndinamupezera ndine. Popeza sankakumana ndi ana a anthu, ankawerengedwa woyera. Ankadya pa tebulo langa, pampando wanga, ndipo masiku ena ndiye ankatumidwa ndi mbale yanga.

"Pirirani, achimwene," ankatero, ataima patali. "Si za ife izi. Ndi za dziko."

Ine si munthu wothamangira kuweruza. Ku sukulu ya madzulo tinaphunzira kuti uziyamba wamva mbali zonse. Vuto linali loti mbali zonse zinali m'nyumba, ine ndili kuseri kwa khola.

Tsiku loti mawa Khirisimasi, masana, fungo la nthiti za nkhumba likutuluka m'nyumba, ndinaona Ragna akudutsa pabwalo yekha. Anacheuka, anatsegula chitseko cha kalavani, analowa, anatseka. Mayi Borghild a famu yoyandikana nafe, amene windo lawo la kukhitchini limaona bwino kuposa makamera a kanema, anaona chitsekocho chikutsekeka.

Zimene zinachitika m'menemo ndikuuzani. Koma osati pano.

3

Chaka chatsopano chitalowa, Torgeir anavulala msana ponyamula matumba a matabwa, n'kukagona kwa mayi athu kutauni. Anabwerera nthawi yake, ataonda pang'ono, n'kunyamuka ndi Ragna ndi Mayi Aslaug kupita ku mpikisano wa dziko lonse mu Febuluwale. Nyumba anaikhoma. Anati ndingasiyemo mpweya wanga.

Mpikisanowo tinaonera mu holo ya kalabu, mudzi wonse, khofi ndi timikate ta mavafulo zili pa matebulo. Ragna ananyamuka ngati kale. Koma pa chitunda chachiwiri miyendo inayamba kukana. Atafika powombera choimirira, anaima nthawi yaitali, ndipo mfuti ya Ragna Oppigard inavina. Anagwetsa kadontho kamodzi. Anazungulira kabwalo ka chilango ngati masiku amene ankandikonda, n'kudzamaliza kumbuyo kwa atsikana amene woulutsa mawu ankalephera kutchula maina awo.

Mawa lake madokotala ananena. Anali matenda amene kuno timati a kupsompsona, chifukwa amayenda ndi malovu. Anawonjezera kuti amabisala m'thupi mwezi ndi kupitirira asanaonekere.

Dziko lonse linayamba masamu. Amuna amene sadziwa tsiku lobadwa la akazi awo anawerenga chobwerera mosalakwitsa n'kukafika pa Khirisimasi. Mayi Borghild anachita mbali yawo. Nyuzipepala ina inajambula kalavani yanga kuchokera pamsewu n'kulemba pamwamba kuti GOLIDE WATHU ANAFERA MUNO.

Ana m'basi ankatulutsa timaphokoso ta milomo ndikangotembenuka. Mayi wa pa sitolo ankapopera mankhwala pamene ndagwira. Pa wailesi pulofesa wina anafunsa, osaseka, ngati si bwino kuti amuna a akatswiri athu azisungidwa pa chilumba nthawi ya chisanu. Anthu anaimba foni kutchula zilumba.

Pamalo omwetsera mafuta, mdala wogulitsa anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Walakwa, Halvard. Walakwira dziko." Kenako anatsitsa mawu. "Komabe. Ragna Oppigard kuzemba amayi ake masanasana chifukwa cha iwe. Sitinkakuganizira."

Apa ndinene zoona. Mawu amenewo anandikoma. Ndinayenda nawo ngati jekete yobwereka, yosakhala yako koma yotentha bwino. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, anthu ankandiyang'ana ngati mwamuna amene mkazi wake amamufuna. Sindinatsutse aliyense.

4

Malichi anatha koma chitseko sichinanditsegukire. Mayi Aslaug anati wophwanya lamulo ayambe waganizira zimene anachita.

Tsiku lina Ragna anandiitana pakhonde. Anali atafunda bulangete, nkhope itatha, khosi lisanaphwe bwino. Ine ndinaima pansi pa masitepe monga mwa chizolowezi.

"Kalabu ikukonza phwando mu Meyi," anatero. "Londilimbitsa mtima. Makampani ondithandiza abwera, a kanema abwera. Ndikufuna uyankhule."

"Ndinene chiyani?"

"Upepese. Unene kuti unalephera kudzigwira. Anthu aseka, akukhululukira, nkhani ithera pomwepo."

"Ndinalephera kudzigwira."

"Usanene ngati ukuwerenga chikwangwani cha pamsewu."

"Ragna, ukudziwa chimene ukundipempha?"

Anayang'ana kuphiri. Maso amenewo ankapeza kadontho kakang'ono kali kutali, mphepo ikuwomba, chipale chikugwa. Tsiku limenelo analephera kupeza nkhope yanga ili pansi pa masitepe.

"Ukatero ubwerera m'nyumba," anatero. "Osati mpaka Novembala. Mpaka kalekale. Amayi ndiyankhula nawo ndekha. Kalavani tigulitsa."

Funso linalipo. Sindinalifunse, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikalifunsa ndiyankhidwa. Ndinkafuna bedi langa, ndinkafuna mtsikana uja wa pampando wakutsogolo. Ndinavomera.

Torgeir anadzipereka kundiphunzitsa.

"Muikemo kanthabwala, achimwene. Mukafika pa mawu oti pepani mugwire pamtima. Anthu amakonda zimenezo."

"Msana uli bwanji?"

"Ukuyesera," anatero.

5

Holo inadzaza. Mbendera pakhoma, keke wa kirimu pakati, kamera pakona. Ine ndinakatenga mayi anga kutauni, Mayi Oddny, amene za masewera sazitsata. Kwa iwo matabwa ndi opitira ku sitolo, mfuti ndi ya m'nkhalango. Atamva kuti dziko landikwiyira chifukwa chopsompsona mkazi wanga anangoti, "Bambo ako akanaimbidwa mlandu umenewo ndikanakondwa." Anakhala pafupi ndi Torgeir, chikwama pamiyendo.

Wapampando wa kalabu anayankhula motalika. Anafotokoza mmene mwana wathu wa golide anavutikira: khosi kutupa ngati chule, kugona masana ngati mphaka, dokotala kumuletsa kunyamula ngakhale ketulo poopa kuti kapamba angaphulike. Azimayi anapukuta maso. Kenako anati pali munthu amene ali ndi mawu.

Ndinaima pa maikolofoni. Ndisanatsegule pakamwa, mayi anga anayankhula ndi mawu awo oitanira nkhosa.

"Torgeir, si matenda ako aja amenewo? Unagona nawo pa sofa wanga mu Januwale aja?"

"Unali msana, amayi."

"Msana umatupitsa khosi? Za kapambazo dokotala ananena ine ndili pomwepo. Phala ndinkakuphikira ndine."

Supuni zinaima m'makapu. Wa kamera anatembenuka pang'onopang'ono, osagwedezeka, ngati munthu wophunzira kwa Ragna.

Mng'ono wanga ndi wochenjera, zimenezo sindingamumane. Anaimirira, nagwira pamtima.

"Chabwino. Ndinadwala, ndipo ndinabisa poopa ntchito. Koma matendawa amayendanso pa chomwera. Tsiku lina kuphiri ludzu linandigwira, ndinamwa m'botolo la alamu osawauza. Pepani, alamu. Pepani, achimwene."

Linali bodza labwino, losokedwa mwaluso. Linkandiyeretsa ine, linkamuphimba Ragna, ndipo anthu ankalifuna. Mitu inayamba kugwedera. Amuna a makampani anapuma. Ragna anatseka maso ngati munthu amene kadontho komaliza kagwa mwamwayi.

Ndiye Mayi Aslaug anakankha mpando n'kuimirira.

"Botolo liti?" anafunsa Mayi Aslaug.

"Lofiira lija, Mayi."

"Amayi, khalani pansi," anatero Ragna.

"Sindikhala. Botolo limenelo ndimaliwiritsa ndekha m'mawa uliwonse. Ndimalowa nalo ku bafa. Ndimagona nalo. Pa bwalo la ndege anafuna kundilanda, ndinaphonya ndege koma botolo sindinapereke. Ndiye iwe uimirire pamaso pa kanema kuuza dziko kuti m'manja mwanga munadutsa uve? Iwe sunaligwirepo ndi chala chomwe. Ngati mwana wanga unamupatsa matenda, unamupatsira pena, osati pa botolo langa."

Anamva zimene anena mawuwo atafika kale kukhoma lakumbuyo. Ndinawaona akutsegula pakamwa kuti awabweze. Analibe pogwira.

Panatsala njira imodzi, ndipo njirayo inali ine. Ndikananena kuti za mu kalavani zinachitikadi, kuti mwina mng'ono wanga anatengera kwa ine pa kapu ya khofi, anthu akanameza, chifukwa anali ndi njala yomeza. Ragna anandiyang'ana. Ulendo uno nkhope yanga anaipeza. Milomo yake inayenda popanda mawu: nena.

Ndinaganiza za bedi langa. Ndinaganizanso za amene wakhala akulitenthetsa.

"Mwabwera kudzamva za mu kalavani," ndinatero. "Ndikuuzani. Ragna analowa atavala chophimba kukamwa. Anagwira mpweya, monga mukumudziwira. Anazula chotenthetsera changa cha magetsi pakhoma, n'kutuluka nacho asanapume. Chifukwa chake ananena ali kale panja: kanyumba kopakiramo phula kanali kozizira, ndipo Torgeir ankadandaula zala. Mayi Borghild sanamuone akutuluka chifukwa anali kale pa foni. Khirisimasi imeneyo ndinagona nditavala jekete ndi chipewa. Mkazi wanga anandipsompsona komaliza mu Okutobala, masamba asanathe kuyoyoka, ndipo panali pamphumi. Ndinabwera kudzapepesa. Koma ndaona kuti sindingapepese chinthu chimene sindinalawe n'komwe."

Palibe anaseka. Palibe anakhosomola, chifukwa mu holo imeneyo kukhosomola ndi mlandu.

Mayi anga anandikoka malaya pamene ndinkakhala pansi.

"Keke uja adula liti?" anafunsa.

6

Mawa lake ndinakoka kalavani kupita kutauni. Ndi chinthu chokhacho pa famuyo chimene aliyense ankavomereza kuti ndi changa. Ukwati unatha mwaulemu, monga zimathera kuno, aliyense akuthokoza mnzake chifukwa cha zaka zabwino.

Nyuzipepala ija inandipepesa ndi zilembo zofuna magalasi. Mdala wa mafuta anasiya kundipatsa ulemu.

"Ndiye sanakupsompsone n'komwe?" anafunsa, ngati ndamubera kanthu.

Ragna anachira. Chisanu chotsatira anatenga golide uja, timadontho tonse kugwa, ndipo dziko linalira ndi chimwemwe. Kuno timakhululukira chilichonse kupatula kuphonya. Ndinaonera nanenso, ndipo sindinama, pamene ankagwira mpweya ndinagwira naye. Mkazi ameneyo ndi katswiri. Zinazo ndi zina.

Torgeir anamukwatira chilimwe chake. Koma ntchito ya phula Mayi Aslaug anamuchotsa. Za mwana wawo anamukhululukira, za botolo ayi. Anakapeza ntchito m'sitolo ya nsapato, komwe tsiku lonse amagwada pamaso pa ana a anthu.

Kumapeto kwa Okutobala foni yanga inalira. Anali Mayi Aslaug.

"Halvard, ndi ine. Muli bwanji kumeneko?"

"Ndili bwino, Mayi. Kaya inu?"

"Tilipo. Ndimati ndifunse. Kalavani ija mukuigwiritsabe ntchito?"

Ndinaikoka ndekha mpaka kuseri kwa khola. Mipata ya matayala inali ikadalipo m'udzu. Torgeir anali ataima pamenepo ndi chikwama ndi pilo. Pa windo la kukhitchini ndinaona wopaka phula watsopano, mwamuna wamtali wa ku Sweden, wa mano oyera, atakhala pampando uja akudya. Anatikwezera foloko.

"Achimwene," anatero Torgeir, "usiku mumazizira bwanji umu?"

"Ndakugulira chotenthetsera chatsopano. Uchiyang'anire bwino. Tsiku limene adzabwere kudzachitenga, udzadziwe kuti nkhani yafika pati."

Ndinamupatsa makiyi nditaima patali.

"Pirira, mng'ono wanga. Si za ife izi. Ndi za dziko."

Inu owerenga, ndalemba izi osati kuti mumude Ragna, kapena mng'ono wanga, kapena apongozi anga aja, amene pa anthu onse a m'nyumbamo ndi okhawo amene sananame. Ndalembera amene mukukhala kuseri kwa khola la munthu wina, mukudyera pa sitepe, mukuuzidwa kuti n'chifukwa cha chinthu chachikulu. Mwina ndi zoona, chachikulucho chilipodi. Ine mamendulo ndinawaona, ndi olemera. Koma nthawi zina dzukani muyang'ane pa windo, muone amene lamulolo silikumukhudza, ndi pamene wakhala. Ine ndinachedwa kuyang'ana, ndipo kuchedwako ndinkakutcha kuleza mtima.

Masiku ano ndimakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi ndi depoti ya mabasi. Mwezi wathawu ana aja anandipatsa chimfine chachikulu. Ndinayetsemula pabalaza, ndinayetsemula kukhitchini, ndinayetsemula pabedi panga. Mayi wa pakhomo loyandikana nane, amene amaphunzitsa masamu ku sukulu ya madzulo, anagogoda ndi mphika wa supu. Ndinamuchenjeza kuti aime patali, asiye pa sitepe.

Analowa.